Musangoti "netiweki yavuta"

Pali mawu awiri amene atipulumutsa tonse pa yunivesite pano: netiweki yavuta. Asainimenti ikachedwa, netiweki yavuta. Ukalephera kulowa m'kalasi ya pa intaneti, netiweki yavuta. Ngakhale munthu amene ukumufuna akakhala masiku atatu osayankha uthenga, nayenso amabisala momwemo. Mawuwa ndi okoma chifukwa saloza munthu chala, ndipo palibe angakutsutse. Koma ndi mawu aulesi. Amatenga mavuto khumi osiyana n'kuwalonga m'thumba limodzi, kumanga pakamwa, osatsegulanso kuti tione kuti muli chiyani. Chonsecho ena mwa mavutowo ndi oti munthu atha kuwathetsa yekha Loweruka m'mawa, ali ndi sikuludiraiva, kope ndi kawailesi ka mabatire.

Ndikukamba za intaneti ya DSL, ija imalowa m'nyumba kudzera pa waya wa foni ya m'nyumba. Ambiri a inu mumakhalira bandulo, ndipo mwina mukudabwa ngati zinthu zimenezi zikadalipo. Zikutha, koma sizinatheretu. Nyumba zina zakale za m'tauni ndi timaofesi tina tikadali pa waya wa mkuwa, ndipo amene mudzapite kukapitiriza maphunziro ku Britain mudzaupeza m'nyumba zambiri za lendi. Kumene ndimakhala ine, kwa azakhali anga, laini yake ndi yakale kuposa ine. Timasonkha anthu anayi kulipira bilu ya pamwezi: azakhaliwo, msuweni wanga, ine, ndi mnyamata wina amene amachita lendi kuseri. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: sitiwerengera mamegabaiti. Buku lonse lathunthu limene aphunzitsi aika pa intaneti umalitsitsa mtima uli m'malo.

Mvula itangoyamba chaka chatha, laini inayamba kuduka. Osati kamodzi pa tsiku ayi. Madzulo ena inkaduka kasanu munthu usanamalize nsima. Azakhali, amene amadikira Lamlungu kuti aone zidzukulu zawo za ku Johannesburg pa vidiyo, anatopa. "Mwanawe, ndalama imeneyi bola tizigula nyemba," anatero, n'kupereka malire a kutha kwa mwezi. Kwa iwo kunali kusiya kulipira chinthu chosagwira ntchito, ndipo sindikanawatsutsa. Kwa ine kunali kubwerera ku bandulo m'nyengo ya mayeso, ndi kandalama ka m'thumba kamene kamatha mwezi usanafike pakati.

Choyamba kudziwa n'chakuti waya wa foni sanapangidwire intaneti. Anapangidwira mawu a munthu, ndipo mawu a munthu pa foni amangofuna kagawo kakang'ono ka mafunde, kosapitirira 4 kHz. Akatswiri anaona kuti pamwamba pa kagawoko pali malo ambiri ongokhala, ndiye anaikapo intaneti. ADSL yoyamba, imene bungwe la ITU linavomereza mu 1999, imafika pa 1.1 MHz ndipo liwiro lake limathera cha pa 8 Mbps. ADSL2+ ya mu 2003 imafika pa 2.2 MHz, ndipo pa pepala imakwanitsa 24 Mbps. Ndati pa pepala. Malo onsewo amagawidwa m'tinjira ting'onoting'ono 512, ndipo rauta ikangoyaka, kanyali ka DSL n'kumaphethira, imakhala ikukambirana ndi makina a kampani amene ali kumapeto ena a wayayo: kanjira aka n'koyera, tinyamulepo katundu wambiri; aka kali ndi phokoso, tinyamulepo pang'ono; aka tikasiye. Liwiro limene mumapeza ndi zimene awiriwo agwirizana. Phokoso likakula mwadzidzidzi kuposa zimene anagwirizanazo, amatayana n'kuyambiranso zokambirana. Mphindi imodzi kapena ziwiri zimenezo ndi zimene ife timati laini yaduka.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti rauta imalemba zonsezi. Tsegulani bulawuza, lembani 192.168.1.1 kapena nambala imene ili kunsi kwa rautayo, lowani ndi pasiwedi, fufuzani tsamba lolembedwa DSL status kapena statistics. Manambala ake amaopsa poyamba, koma ofunika ndi ochepa.

Tiyerekeze kuti muli pa chigayo, ndipo mnzanu akukuuzani nkhani ali chapatali. Line attenuation ndi kuchuluka kwa mawu ake amene afera m'njira asanakufikeni. Imayezedwa mu dB, ndipo pa waya wamba wa foni imakwera ndi 13 kapena 14 pa kilomita iliyonse. Ikakhala pansi pa 20, muli pafupi ndi makina a kampani, thokozani Mulungu. Ikapitirira 60, laini ikungokhalira chisomo. Yathu ndi 46, kutanthauza kuti pakati pa ife ndi makinawo pali waya wa makilomita atatu ndi kanthu. Nambala imeneyi siyenera kusinthasintha, pakuti nyumba siyenda. Ikamadumpha, ndiye kuti penapake polumikiza waya pawola.

SNR margin ndi kampata kamene katsala phokoso la chigayo lisanameze mawu a mnzanuyo. Makampani ambiri amaika 6 dB kuti ndiye poyambira. Ikatsika kufika pa 2 kapena 1, konzekani. Ikafika pa 0, nkhani yatha. Nambala imeneyi ndi imene muyenera kuiyang'ana kwambiri, chifukwa imasintha ndi nthawi, ndipo kasinthidwe kakeko kamaulula wolakwa.

Kenako pali FEC ndi CRC, zimene zimasokoneza anthu chifukwa zonse zimalembedwa kuti errors. Mnzanu uja akanena mawu, inu n'kumva theka koma n'kudzaza nokha chimene akutanthauza, imeneyo ndi FEC: cholakwa chimene rauta yakonza yokha, pogwiritsa ntchito masamu amene Irving Reed ndi Gustave Solomon anafalitsa mu 1960, omwenso amachititsa kuti CD yokandika iziimbabe. FEC ingafike mamiliyoni, musataye nayo tulo. CRC ndi pamene mwalephereratu n'kufuula kuti, "Mwati bwanji?" Katunduyo watayika, ayenera kutumizidwanso, ndipo pa vidiyo ndi pamene nkhope ya mdzukulu imauma kukamwa kuli yasa. Kumbukirani kuti rauta imangounjika manambalawa kuyambira pamene inayaka. CRC 3,000 pa sabata si kanthu. CRC 3,000 pa ola ndi mlandu.

Ine ndimaphunzira mbiri ndi zolembalemba, ndipo ndikudziwa mmene ife a ku humanities timathawira chilichonse chokhala ndi nambala. Timati zimenezo n'za anyamata a kompyuta. Sindigwirizana nazo. Ntchito imene imafunika apa ndi yomwe amatiphunzitsa tsiku ndi tsiku: tenga umboni, lemba tsiku lake, yerekeza, funsa kuti chasintha n'chiyani. Ndinagula kope, n'kumalemba katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi usiku: liwiro, attenuation, margin, CRC, ngati kwagwa mvula, ngati magetsi alipo kapena tili pa invata. Sabata imodzi inakwana. Margin inkatsika kuchoka pa 6 kufika pa 2 tsiku lililonse dzuwa likangolowa, kaya kuli mvula kaya kulibe. Koma mvula ikagwa, attenuation inkadumpha kufika m'ma 50, CRC n'kuchuluka ngati ngumbi. Matenda awiri osiyana, osati amodzi. Ndipo panali achitatu amene sanali a laini n'komwe.

Achitatuwo ndiwatchule msanga, pakuti ndi osavuta. WiFi si intaneti. Ndi kamlatho chabe ka pakati pa rauta ndi foni yanu. Lumikizani laputopu ku rauta ndi waya wa netiweki. Ngati pa wayapo zikuyenda bwino ndipo kanyali ka DSL kakhazikika, laini ilibe mlandu, vuto ndi makoma a njerwa. Mnyamata wa kuseri uja ankadandaula chifukwa rauta inali pansi, kuseri kwa TV, makoma atatu kuchokera kuchipinda kwake. Kuikweza pamwamba pa kabati kunathetsa theka la madandaulo ake. Ngati aneba alinso ndi WiFi, yesani tchanelo 1, 6 kapena 11. Ndipo kanyali ka DSL kakakhala bwino koma ka Internet n'kufiira, nthawi zambiri nkhani ndi ya akaunti: pasiwedi, bilu, kapena makina a kampani. Musang'ambe khoma.

Waya wa m'nyumba ndiye unali ndi nkhani. Nyumba zakale zinkaikidwa foni mwaulemu: waya amalowa pa soketi yoyamba, kenako nthambi kupita kuchipinda cha akuluakulu, nthambi ina kukhonde, ndipo m'zaka zapakatizi wina anawonjezapo chingwe chosalala cha mamita 15, chodutsa pansi pa kapeti kukafika ku rauta. Mayeso ake ndi amodzi ndipo sasowa ndalama. Nyamulani rauta, pitani nayo pa soketi yoyamba, chotsani china chilichonse, lumikizani ndi kachingwe kafupi, muone manambala. Kwathu liwiro linachoka pa 3.1 kufika pa 5.4 Mbps nthawi yomweyo. Margin inakhalabe pa 6, ndipo zimenezo zisakunamizeni kuti palibe chasintha: rauta ikapeza laini yoyera imagulira liwiro phindu lonselo n'kubwerera pa 6 pomwepo.

Chifukwa chake n'chakale kuposa intaneti. Waya wabwino wa foni amakhala awiri opotana ngati chingwe cha khonje, nzeru imene Alexander Graham Bell analembetsa mu 1881. Akapotana, phokoso lochokera kunja limawagwera onse awiri mofanana, ndipo makina amalichotsa mosavuta chifukwa amangowerenga kusiyana kwa awiriwo. Chingwe chosalala chija sichipotana, choncho chimasanduka mlongoti wokoka phokoso la nyumba yonse. Nthambi zongolendewera, zopanda kanthu kumapeto, nazonso zimabweza siginolo m'mbuyo n'kuisokoneza. Ya kukhonde ndinaimasula. Ya kuchipinda inali nkhani ina. "Foni imeneyo anaika ndi malemu bambo a m'nyumba muno," anatero azakhali, ndipo munthu woleredwa bwino amadziwa pamene mkangano wathera. Foniyo inalibe fyuluta, kabokosi kaja konga ka machesi kamene kamalekanitsa mawu ndi intaneti. Ikalira, kapena wina akangoinyamula, laini inkagwedezeka. Foni iliyonse ya pa laini ya DSL imafuna fyuluta yake. Tinaigulira, inatsala pamalo pake pa kathebulo, ndipo mtendere unasungika.

Tsopano za madzulo, zimene zinandikomera kuposa zonse. Mawailesi a medium wave amaulutsa kuyambira cha pa 530 mpaka cha pa 1600 kHz, ndipo malo amenewo ali m'kati mwenimweni mwa mafunde a DSL. Ndiye kuti chimene chikusokoneza laini, kawailesi ka AM kangathe kuchimva. Tcherani pamalo popanda siteshoni, cha pa 600, muziyenda nako m'nyumba monga mlenje. Pafupi ndi tchaja yotchipa kamalira. Pafupi ndi invata kamalira. Mpanda wamagetsi umamveka ngati wotchi, tsa, tsa, tsa, pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo a wotcherera zitsulo akakhala pafupi mudzawadziwa ngakhale musanawaone. Kwathu kawailesi kanabangula pakhonde, pansi pa babu la LED lounikira panja, limene limayatsidwa dzuwa likalowa ndipo linali pafupi kwambiri ndi pamene waya wa foni amalowera m'nyumba. Ndinatuma msuweni wanga kuti azilizimitsa ndi kuliyatsa, ine ndili pa laputopu. Likazima, margin 5. Likayaka, 2. Katatu konse. Si mababu onse a LED amene amatero, ndi aja otchipa amene kamakina kawo ka m'kati kanapangidwa mwa changu. Tinasintha babu.

Koma mwaona kuti ndati 5, osati 6. Kamodzi kotsalako n'ka kumwamba. Masana, dzuwa limapanga kagawo kena m'mlengalenga kamene kamameza mafunde a medium wave. Usiku kagawoko kamazimirira, mafunde aja n'kumagunda pamwamba ndi kubwerera pansi kutali kwambiri. N'chifukwa chake agogo athu ankagwira masiteshoni a maiko ena usiku okhaokha. Masiteshoni omwewo amagweranso pa waya wa makilomita atatu uja. Ndimasangalala kuganiza kuti chimene chinkabweretsa dziko m'kawailesi ka agogo ndi chimene chimandidyera kaliwiro kanga usiku. Icho sichikonzeka, ndipo sichifunika kukonza. Ndiyo ntchito ya margin.

Matenda a mvula anali a kunja, ndipo khutu ndi limene linatsimikiza. Lumikizani foni yokha pa soketi yoyamba, dinani nambala imodzi kuti kulira kuja kuleke, mumvetsere. Laini yabwino imakhala zii. Yathu, mvula ikagwa, inkathetheka ngati mafuta m'chiwaya. Madzi akalowa polumikiza waya, mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira, ndipo magetsi amadutsapo modzimvera chisoni. Apa mpamene manja anu ayenera kuthera. Za kunja kwa soketi yoyamba ndi katundu wa kampani. Laini ya foni imakhala ndi mavoti pafupifupi 48, ndipo imakwera kuposa apo foni ikamalira, koma choopsa chenicheni ndi mphezi ndi kugwa. Ndiponso m'dziko limene akuba mkuwa avutitsa chonchi, anthu akakupezani pa pholo muli ndi pulayala m'manja sadzayamba akufunsani za attenuation.

Azakhali anali ataimbirapo kampani kawiri. Ankanena zoona zokhazokha, kuti intaneti sikugwira, ndipo yankho linali lija mukulidziwa: zimitsani rauta, muyatsenso. Ulendo wachitatu ndinaimba ine, kope lili patsogolo. Ndinanena kuti ndayesa pa soketi yoyamba zonse zitachotsedwa, kuti foni ikuthetheka mvula ikagwa, kuti attenuation imachoka pa 46 kufika m'ma 50, ndipo ndinatchula masiku ake. Ndinapempha nambala ya dandaulo n'kuilemba. Mawu a kumapeto kwa foni anasintha. Patapita masiku angapo kunabwera bambo wina wachikulire, makwerero ali pa galimoto. Anayang'ana kope lija nthawi ndithu. "Mwana wanga, zimenezi wazidziwira kuti?" Sanadikire yankho. Anayamba kutsata waya, ndipo pa pholo lachiwiri kuchokera pageti anapeza kabokosi kosweka chivundikiro, m'kati muli madzi ndi mawaya obiriwira. Anadula powola, kulumikiza mwatsopano, kutseka. Ntchito ya theka la ola imene inatidyera miyezi iwiri.

Pano ndiye pali chinthu chimene sichindisangalatsa. Azakhali amalipira ndalama yofanana ndi aliyense, ndipo "sikugwira" ndi dandaulo lokwanira. Manambala amene ndinawerenga pa foni aja, makina a kampani amawaonanso kumbali yawo, mwina bwino kuposa ine. Si chilungamo kuti wolankhula za dB amveke msanga kuposa mayi wolankhula Chichewa chomveka bwino. Pamene ndikuti phunzirani kuwerenga rauta, sindikuchotsera kampani iliyonse udindo wake. Ndikungonena mmene zinthu zilili: dandaulo lopanda tsiku ndi umboni limafera pa tebulo loyamba. Ndipo ngati kampani yanu yalephera, pali MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 kuti liziyang'anira ntchito za mafoni, mawailesi ndi mtokoma, ndipo limalandira madandaulo a makasitomala. Kumenekonso chimene chidzakuimireni ndi masiku, manambala a madandaulo ndi zimene munayankhidwa, osati kukula kwa mkwiyo wanu.

Bambo aja asanapite ndinawafunsa zinthu ziwiri zimene kampani ingasinthe kumbali yake. China ndi kukweza margin kuchoka pa 6 kufika pa 9: umataya kaliwiro, umagula mtendere. China ndi interleaving. Tiyerekeze muli ndi makalata khumi, ndipo m'malo mopatsa munthu aliyense kalata yake, mwang'amba mizere n'kuigawa kwa onse khumi. Mmodzi akagwera mumtsinje, kalata iliyonse yataya mzere umodzi wokha, umene FEC ingadzaze. Mtengo wake ndi nthawi, pakuti muyenera kudikira onse afike, ndipo pa laini kudikirako kumawonjezera mamilisekondi angapo. Msuweni wanga, amene amasewera magemu pa intaneti, anakana kwamtuwagalu. Ine, amene ntchito yanga ndi kutsitsa mabuku, sindinaone vuto. Azakhali anafunsa funso limodzi, ngati nkhope za ana zisiya kuuma, ndipo mlandu unagamulidwa pomwepo. Analipira mwezi wotsatira, n'kunena kuti tiziona mwezi ndi mwezi.

Chizolowezi chozimitsa ndi kuyatsa rauta kakhumi pa tsiku chisiyeni. Chimafufuta manambala amene mukuwafuna, ndipo m'maiko ena, monga ku Britain, makina a kampani amawerenga kuzimazimako ngati kufooka kwa laini n'kutsitsa liwiro okha. Nthawi yoyenera kuzula ndi ya ziphaliwali, ndipo muzule waya wa foni, osati wa magetsi wokha. Mphezi imalowanso pa mkuwa wa foni.

Zina sizisintha. 46 uja akadali 46, chifukwa makilomita atatu safupika, ndipo 24 Mbps ya pa pepala sitidzaiona. Mkuwa wokhawo masiku ake akutha: ku South Africa kampani ya Telkom yakhala ikusamutsira makasitomala ake ku faiba ndi ku intaneti yopanda waya, ndipo kuba mkuwa ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Mumsewu mwathu faiba sinafike. Ndiyeno pali chilembo A cha mu ADSL, chimene chimatanthauza kuti njira ziwirizi si zofanana: yotsitsira ndi yotakata, yokwezera ndi kanjira ka kumunda, pafupifupi 1 Mbps ngakhale laini itakhala yoyera chotani. Yathu imakweza pa 0.8. Fayilo ya 50 MB, monga asainimenti yodzaza zithunzi, imatenga mphindi zisanu ndi zitatu ndi kanthu, ngati msuweni sakutumiza mavidiyo ake nthawi yomweyo. Aphunzitsi akatseka pa 11:59 usiku, ine ndimayamba kutumiza 11 koloko.